Ululu wochokera m'khosi mpaka ku zala: kodi ndilole mnzanga andipotokole khosi?

Funso la lero latumizidwa ndi bambo wina wa zaka 46, kwawo ku Mangochi, amene amasoka zovala pa shopu ina ku Fordsburg, kuno ku Joni. Alemba kuti:

"Adokotala, lero ndi sabata yachisanu. Ndinangodzuka khosi litauma, ndimayesa ndagonera pilo molakwika. Patapita masiku atatu ululu unatsikira paphewa lamanja mpaka mumkono, ndipo chala chachikulu ndi chamkombaphala zimachita dzanzi ngati mukuyenda nyerere. Usiku tulo kulibe, ndimapezako bwino ndikasanjika dzanja pamutu. Ndikumwa Grand-Pa katatu patsiku. Mnzanga amene ndimakhala naye akuti fupa lachoka m'malo ndipo iye amatha kupotokola khosi kuti libwerere. Akumudzi akuti ndibwere akanditeme mphini, ena akuti ndi chiyambi cha sitiroko. Ntchito sindingasiye, ndikapanda kusoka ana kumudzi agona ndi njala. Ndichite chiyani?"

Pepani kwambiri achimwene. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya mafizo kuno ku Joni ndaona amuna olimba akugwetsa misozi ndi ululu umenewu, ndiye musadzione ngati wofooka. Koma mtima ukhale pansi. Sindinakugwireni ndi manja anga, komabe zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi mtsempha wopanikizika m'khosi, vuto limene madokotala amalitcha cervical radiculopathy. Sitiroko sibwera chonchi. Iyo imagwa mwadzidzidzi ndipo nthawi zambiri siwawa: mkono umangolefuka, pakamwa pamakhota, lilime limalemera. Zanuzi zinayambira m'khosi, zatsika pang'onopang'ono, zikutsata njira imodzi mpaka pa zala ziwiri, ndipo zimasintha malinga ndi mmene mwaikira mkono. Mwa anthu 10 alionse a vutoli, pafupifupi 8 kapena 9 amapeza bwino osaona mpeni wa opaleshoni.

Chichewa chathu chimasokonezako apa, chifukwa mawu akuti mtsempha timatchulira wa magazi, timatchuliranso umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Ine ndikunena wachiwiriwu. M'khosi muli mafupa 7 osanjikizana, ndipo kuyambira pa lachiwiri kutsika m'munsi, pakati pa fupa ndi linzake pamakhala kanthu kofewa kotchedwa disiki. Ntchito yake ndi ya nkhata mayi akasenza ndowa ya madzi. M'kati mwa mafupawo mumadutsa chingwe chachikulu chochokera ku ubongo, ndipo m'mbali mwake mumatuluka mitsempha 8 kumanja, 8 kumanzere, uliwonse kudzera pa kabowo kake. Ya m'munsi ndi imene imatsikira m'mikono, ndipo uliwonse uli ndi munda wake. Wa nambala 6 umafika ku chala chachikulu ndi chamkombaphala, wa nambala 7 ku chala chapakati, wa nambala 8 ku kachala kotsiriza. N'chifukwa chake nditangowerenga za zala zanu ziwirizo maganizo anga anathamangira kwa wa nambala 6.

Kwa achinyamata kawirikawiri imakhala nkhatayo imene yaphulikira m'mbali n'kukhudza mtsempha. Kwa ife tadutsa zaka 40, nkhata imaphwa, mafupa amamera timinga ting'onoting'ono m'mphepete, kabowo kaja n'kuchepa. Chimene ndikufuna mugwiritse ndi ichi: ululu woopsawo subwera chifukwa cha kupanikizika kokha, umabwera kwambiri chifukwa mtsemphawo watupa ndipo wakwiya. Kutupa kukamaphwa, malo omwe aja amayamba kukwanira. Ngakhale kachidutswa ka disiki kamene kanatuluka, thupi limatha kukamwa pang'onopang'ono m'miyezi ingapo. Kusanjika dzanja pamutu kuja mwadzitulukira nokha mankhwala abwino, chifukwa kumapangitsa kuti mtsempha ukhwefuke. Pitirizani ululu ukakula.

Za mnzanuyo, yankho langa ndi ayi, ndipo ndikunena motsindika. Ndikudziwa kuti akuchita mwachikondi, ku Joni kuno wokhala naye nyumba ndiye mbale wako. Koma fupa lanu silinachoke m'malo. Fupa la m'khosi likachokadi imakhala ngozi ya galimoto kapena kugwa kuchokera pamwamba, ndipo munthu amachita kumunyamula pa machira. Kulira kumene mumamva munthu akapotokoledwa ndi kampweya ka m'madzi a m'malo olumikizirana mafupa, chimodzimodzi mukamathyola zala. Palibe chimene chabwerera m'malo. Choopsa n'chakuti m'mbali mwa mafupa omwewa mumadutsanso mitsempha iwiri ya magazi yopita ku ubongo. Sizichitika kawirikawiri, koma kupotokola kwamphamvu kungathe kung'amba mkati mwa mtsempha wa magaziwo, magazi n'kuundana, ndipo sitiroko imene mukuiopayo ndi pamene ingabwere. Kungathenso kutulutsiratu disiki imene yang'ambika kale. Ndinalandirapo mayi wina woluka tsitsi amene anali atayamba kupeza bwino, koma atamupotokola munthu wa pamsika anabwera dzanja likulephera kugwira chipeso, ndipo zinatitengera miyezi kuti mphamvu zibwerere. Ineyo, ndi maphunziro onse amene ndinachita, munthu wa dzanzi mumkono sindimupotokola khosi mwadzidzidzi.

Akumudzi auzeni mwaulemu kuti mwamva. Mphini imathera pakhungu, pamene mtsempha wovutikawo uli mkati mwenimweni, kuseri kwa minofu ndi mafupa, ndipo lezala logwiritsidwa ntchito kwa anthu angapo limapatsira HIV ndi matenda a chiwindi. Komanso kukwera basi pa Park Station panopa, kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete mpaka ku Mwanza, usana ndi usiku mutu ukugwedezeka muli mtulo, ndi kuukwiyitsanso mtsemphawo.

Musanayambe chilichonse chimene ndikuuzeni, dzifufuzeni kaye, chifukwa pali zizindikiro zimene sizifuna mafizo koma chipatala tsiku lomwelo. Manja onse awiri akayamba chibwibwi, mabatani a malaya akukukanikani, sizasi ikupulumuka, miyendo ikulemera kapena mukuyenda mopepesuka, mukawerama mutu mukumva ngati magetsi akutsika mumsana, kapena mkodzo wayamba kuvuta kutuluka kaya kungotuluka wokha, ndiye kuti chimene chapanikizika ndi chingwe chachikulu chija. Pamenepo kuchedwa kumasiya chilema. Chimodzimodzi mphamvu za mkono zikamachepa sabata ndi sabata. Yesani kunyamula simbi yositira ndi dzanja lamanja kenako lamanzere, yesaninso kudzutsa dzanja kuchokera pamfundo wina akulikanikiza pansi, mufananitse. Kutentha thupi, thukuta la usiku, kuonda osadziwa chifukwa, zimenezi ife a kuno sitizinyozera, pakuti TB imagwiranso mafupa a msana, makamaka kwa munthu amene chitetezo chake chatsika. Amene anadwalapo khansa, kapena amene vuto lake linayamba atagwa, ajambulidwe kaye. Tizilonda ta matuza tikatuluka motsatana pamkono womwewo, angakhale mashingozi, ndipo mankhwala ake amagwira bwino m'masiku atatu oyamba. Ndipo kwa owerenga ena amene ululu uli kumanzere: ukabwera ndi kulemera pachifuwa, phuma ndi thukuta, umenewo ndi mtima, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177.

Pali chinthu chinanso chimene atelala ndimawayeza nthawi zonse. Mtsempha umatha kupanikizika pamfundo ya dzanja, vuto lotchedwa carpal tunnel, ndipo dzanzi lake limagwira zala zomwezo kuphatikiza chapakati, makamaka usiku. Munthu angathe kukhala ndi onse awiri. Mukapita ku kiliniki akuyezeninso shuga.

Ngati zonsezi palibe, tibwere ku chithandizo cha manja. Chimene wa mafizo amachita n'chosiyana kutalitali ndi cha mnzanu uja. Mumagona chagada, iye amanyamula mutu wanu m'manja mwake n'kuukokera kwa iye pang'onopang'ono, ndipo ambiri amandiuza pomwepo kuti "mkono watsitsimuka". Amasuntha mafupa a m'khosi mofatsa, kamodzikamodzi, kulowera mbali imene imatsegula kabowo kaja, uku akukufunsani mmene zala zikumvera. Amamasula msana wa pakati pa mapewa, umene kwa atelala umakhala wouma gwa, ndipo pamenepa mpomwe tingagwiritse mphamvu pang'ono popanda kuopseza khosi. Amatikitanso minofu ya paphewa imene yamangana poteteza malo opwetekawo. Ena ali ndi makina okokera khosi. Ofufuza sanagwirizane chimodzi pa makinawa, ena anapeza kuti amawonjezera phindu ena ayi, choncho ine ndimayesa kaye ndi manja, ndikaona kuti kukoka kukuchepetsa ululu wa mumkono mpamene ndimapitiriza.

Ndikuuzeni zoona ngakhale ntchito yanga ili ya manja: manja anga amakupatsani mpumulo wa maola angapo kapena masiku awiri. Phindu la mpumulowo n'lakuti mugone tulo ndi kuti muthe kuchita mafizo. Amene amangobwera kudzatikitidwa n'kubwerera kukakhala momwe ankakhalira, ndimawaonanso chaka chamawa. Munthu akakuuzani kuti mulipiriretu maulendo 20, mufunseni bwino. Maulendo anayi kapena asanu ndi limodzi amakwana kuti tidziwe ngati njirayo ikukuthandizani.

Mafizowo ali ndi lamulo limodzi, ndipo mukaiwala zina zonse ili musaliiwale. Muziyang'ana kumene ululu ukulowera. Ukamachoka ku zala kukwera ku chigongono, kuchoka ku chigongono kukwera paphewa, mpaka kutsalira m'khosi mokha, zinthu zikuyenda bwino, ngakhale khosi lenilenilo litawawa kuposa dzana. Ukamatsika kulowera ku zala, kapena dzanzi likakula n'kukhalitsa kupitirira ola mutamaliza, chepetsani kapena siyani fizo imeneyo. Apa si pa bwalo la mpira pamene amati pirira. Mtsempha wokwiya sugonja ndi nkhanza.

Yambani chogona. Yalani bulangeti pansi, gonani chagada mawondo mutapinda, kathawulo kopinda kunsi kwa mutu. Gwedezani mutu pang'ono chabe ngati mukuvomereza mawu a munthu wamkulu, chibwano chilowe cha kukhosi, nkhongo italike, mutu osaudzutsa. Khalani pomwepo muwerenge mpaka 5, masulani, mubwereze ka 10. Ambiri amalakwitsa pochita mwamphamvu mpaka minofu ya m'mbali mwa khosi kutuluka ngati zingwe. Ayi, imene tikudzutsa ndi timinofu ta mkati tomwe timagwira mafupa, ndipo munthu woonera azichita kukayika ngati mwasunthadi. Chitani m'mawa ndi madzulo. Pakatha sabata werengani mpaka 10, ndipo yambani kuchitanso muli pa makina: maso ali kutsogolo, bwezani mutu kumbuyo ngati kamba akulowa m'chigoba, kasanu, n'kupitiriza kusoka.

Kenako mapewa. Mutakhala tsonga, akokereni kumbuyo ndi pansi pang'ono, chifuwa chitseguke ngati msilikali pa perete koma osaumitsa thupi, muwerenge mpaka 5. Mpando wanu ngati uli ndi chotsamira chachifupi, gwirani nkhongo ndi manja onse kuti mutu usagwere kumbuyo, n'kutsamira kuti msana wa pakati pa mapewa ndiwo upindikire kumbuyo pamwamba pa chotsamiracho. Kasanu basi.

Ululu ukayamba kuzizira, mwina pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, pamabwera fizo ya mtsempha weniweniwo, ndipo inu atelala muimva msanga. Mtsempha si lasitiki woti muziukoka. Uli ngati ulusi umene umayenera kutsetsereka bwino m'njira yake yonse kuchokera pamwamba mpaka pa singano, mukakoka uku mumasula uko. Tambasulani mkono wamanja cha m'mbali, kunsi pang'ono kwa phewa, chikhatho chili m'mwamba. Pindani chigongono dzanja libwere cha paphewa uku mukupendeketsa mutu kumanzere, kenako wongolani chigongono uku mutu ukubwerera pakati. Mosalekeza ngati kupalasa, ka 10, osaima pamalo pokoka. Imeneyi ndi imene imakwiyitsa mtsempha msanga munthu akaichita mopitirira, choncho ndingakonde wa mafizo akuonetseni kamodzi maso ndi maso.

Mkono ukakhala chete musaleke, chifukwa apa mpamene ambiri amathawira. Pezani chubu chakale cha njinga, mangani pa chitsulo cha pawindo, muzikokera kwa inu ndi manja onse zigongono zikupita kumbuyo, ka 12 katatu, masiku atatu pasabata, kwa miyezi itatu. Muziyendanso ndawala mphindi 20 kapena 30 patsiku. Mnzanu uja mupatseni ntchito yothowa: thawulo lofunda pakhosi ndi paphewa kwa mphindi 15 madzulo. Akafuna kuphunzira kukoka kofatsa kuja, abwere nanu kwa wa mafizo adzaonetsedwe.

Sindikuuzani kuti musiye ntchito, ndipo kugona tsiku lonse sikuchiza vutoli. Koma makina aja tiwakambe. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ngati kathumba ka ufa, ndipo mukausuzumiritsa kutsogolo maola 10 khosi limausenza ngati katundu wonyamulira patali ndi thupi. Ndikukayikira chinthu chimodzi chimene simunatchule. Pa zaka 46 maso a anthu ambiri amayamba kukana zapafupi, ndipo telala amaweramira pa singano osazindikira kuti vuto ndi maso. Kayezetseni. Magalasi owerengera otchipa ndi kababu kowala pa singano zathandizapo makosi ambiri kuposa manja anga. Sendezani mpando pafupi, zigongono zikhale m'mbali mwa thupi, ndipo pakatha mphindi 30 zilizonse imirirani kwa mphindi imodzi. Foni muziikweza kufupi ndi maso mukamacheza ndi ana pa WhatsApp. Pewani kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, monga popachika zovala pamwamba, ndi kupana foni pakati pa khutu ndi phewa lamanja, chifukwa zimenezi zimatseka kabowo kaja. Ngati mumasuta, dziwani kuti fodya amafulumiza kutha kwa disiki.

Pogona, chagada kapena chammbali kugonera kumanzere, pilo wodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa, wina mutamukumbatira kuti mkono wodwalawo usalendewere. Chafufumimba ayi. Kolala ya pakhosi ingathandize masiku oyamba ululu uli pachimake. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2009 anapeza kuti kolala komanso mafizo, chilichonse pachokha, zinachepetsa ululu m'masabata 6 oyamba kuposa kungodikira. Inu mwatsala pang'ono kudutsa nyengo imeneyo, ndiye ndalama yanu isapite kumeneko.

Grand-Pa uja wandidetsa nkhawa kuposa khosilo. Ngati mwamwa katatu patsiku masabata onsewa, ndi mapaketi oposa 100. Muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Aspirin amakanda m'mimba mpaka zilonda, caffeine akuwonjezera kusowa tulo kwanu. Musamuphatikize ndi Brufen kapena diclofenac, ndipo chimbudzi chikada bii ngati phula pitani kuchipatala msanga. Amene ali ndi BP, vuto la impso, kapena akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, asamwe mankhwala a gulu limeneli masiku ambiri popanda dokotala. Komanso ululu wa mtsempha sumva kwenikweni mankhwala wamba. Dokotala angathe kukulemberani ena monga amitriptyline wochepa womwa usiku. Zimenezo ndi za iyeyo kugamula atakuyezani.

Mwina mukuganiza zojambulitsa. X-ray imaonetsa mafupa okha, mtsempha suoneka. MRI imaonetsa zonse koma ndi yodula, ndipo imatha kuopseza munthu pachabe. Ku Japan anajambula anthu 1,211 amene analibe vuto lililonse la khosi, ndipo mwa anthu 100 alionse, oposa 87 anapezeka ndi disiki yotukumuka. Ndiye kujambula timakusungira amene ali ndi zizindikiro zoopsa zija, kapena amene achita mafizo mokhulupirika masabata 6 mpaka 12 koma ululu osagwedezeka. Pamenepo mpamene timakamba za jakisoni wa pafupi ndi mtsempha kapena opaleshoni. Ululu ndi umene umayamba kuchoka, mphamvu zimatsatira, dzanzi la kunsonga kwa zala limatsalira ndipo lingatenge miyezi ingapo. Lisakufooketseni malinga ngati silikukula.

Sabata yomwe ino pitani ku kiliniki ya m'dera lanu mukayezedwe mphamvu za mkono, BP ndi shuga, ndipo mupemphe kalata yopita ku mafizo. Zipatala zazikulu monga Helen Joseph, Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath zili ndi madipatimenti a mafizo, ndipo polowera pake ndi kalatayo. Ndikudziwa kuti abale athu ambiri amaopa za mapepala komanso anthu amene amaima pa mageti a zipatala zina kubweza obwera kuchokera kunja. Ndikumvetsa. Koma gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, choncho zizindikiro zoopsa zija zikaoneka musakhale m'nyumba. Mukakwanitsa kulipira, wa mafizo wa pulayiveti mungamuone popanda kalata ya dokotala. Muuzeni poyera kuti ndalama yanu ndi ya maulendo awiri kapena atatu, akuphunzitseni zochita kunyumba. Funsani ngati analembetsa ku HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo kuno, ndipo ngati ndi chiropractor, wothandiza anthu posuntha mafupa a msana ndi manja, ku bungwe lawo la AHPCSA. Wolembetsa sakhumudwa ndi funso limenelo.

Usiku uno tengani bolopeni mulembe pa pepala pamene ululu ukuthera ndi maola amene mwagona. Muzilemba Lamlungu lililonse. Pakatha masabata atatu mundilemberenso, mundiuze ngati ukadali pa zala, kapena wafika pa chigongono, kaya paphewa, komanso zimene apeza ku kiliniki ndi kwa a maso.